Chizungulire cha Namzeze

Lolemba, 3 Malichi

Masamba ndawola m'dziwe losambiramo ndowa ziwiri. Pampu ikuliranso ngati mbuzi. Ndanena katatu, palibe womva.

Wamapepala, kochi uja, wafika mochedwa, wezulo pakhosi, magalasi akuda. Ndine ndinaphunzitsa mdzukulu wanga Namzeze kudumphira m'madzi kuchokera pathabwa, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka khumi ndi ziwiri ndili naye m'mbali mwa dziwe lino. Akomiti atabweretsa kochi wa masatifiketiyu, ine anandipatsa ukonde wowolera masamba. Akuti sukulu ndinalekera panjira. Iyeyo sindinamuonepo atanyowa ngakhale chala.

Mpikisano Loweruka. Awiri opambana alowa timu ya dziko.

Lachitatu, 5 Malichi

Mwana ali ndi chizungulire. Sananene, ndaona ndekha. Watembenuka kawiri ndi theka m'malere, n'kulowa m'madzi chopendekeka. Potuluka wagwira chitsulo cha makwerero ndi manja onse awiri, atatsinzina, mutu utagwera kumanzere. Wamapepala maso ali pafoni, kuonera kanema wa miyendo. "Wongola zala zakumapazi!" Chitsiru. Miyendo ilibe mlandu, vuto lili m'khutu.

Ndamufunsa mwanayo akuvala. "Agogo, musandilodze ndi pakamwa panupo. Ndi njala chabe." Njala yanji yomangitsa munthu nsapato atatseka maso?

Lachinayi, 6 Malichi

Ndapita kwa Wamapepala kukamuuza za chizungulirecho, chipewa m'manja, ine msinkhu wa bambo ake. "Madala, zanu ndi masamba. Mpikisano ukayandikira aliyense amachita mantha." Anzake afa nako kuseka. Ndikanamukankhira kozama, tione ngati satifiketi imayandama.

Masana mutu wa mwana wadutsa pansonga ya thabwa, mpata wa zala zitatu. Thabwa latsala likunjenjemera.

Chipsera cha kuseri kwa khutu langa lakufali chayabwa tsiku lonse. Kunyumba onse amadziwa kuti ndinagwa panjinga. Bodza. Linali thabwa. Ndinabisa chizungulire masabata awiri kuti asandichotse pamndandanda. Anandivuula ngati nsanza.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndauza dokotala wa mpikisano. Mayi wosalankhulalankhula. Wamugoneka mwana pabenchi, wamutembenuza mutu, maso ayamba kuvina okha. Dzina lake lafufutidwa pamndandanda.

Akomiti amukalipira Wamapepala chitseko chili pululu. Ndakolopa pakhonde pomwepo katatu kuti ndimve bwino. Ndakondwa, sindibisa. Kukoma ngati uchi.

Kenaka Namzeze, chikwama paphewa. "Simunachitire ine ayi. Mumafuna kugwetsa ujayo, ndiye mwapondera pamsana panga, bambo inu." Bambo inu. Chibadwire sananditchulepo choncho.

Loweruka, 8 Malichi

Ndabindikira m'chipinda cha pampu mpaka manja atasiya kuombedwa. Malo a Namzeze watenga mwana wa wapampando, uja amalowa m'madzi ngati thumba la simenti.

Mayi ake a Namzeze, mwana wanga wobala ndekha, sayankha moni wanga. Akuti ndine nkhalamba yanjiru. Anene. Poti maliro sanachitike, aliyense ali ndi nzeru.

Koma mawu a mwana akundidya. Kochi ndikanakhala ine, Loweruka lili pakhomo, ndikanapita kwa dokotala? Ndalemba kuti inde. Ndafufuta.

Lachiwiri, 18 Malichi

Pampu yafa. Madzi ayamba kubiriwira, ndipo mlandu ndi wanga, monga mwa masiku onse.

Namzeze wabwera masana, zovala zapanyumba, wopanda chikwama. Dokotala akuti ena chizungulirechi chimawathera m'masabata ochepa, ena chimabwerabwera. Wakhala pabenchi, moni ayi. Wayang'ana thabwa nthawi yaitali, kenaka kuseri kwa khutu langa.

"Si njinga imeneyo, eti?" Ndati si njinga.

"Inuyo chinakutherani liti?"

Maso anga paukonde. Zaka makumi anayi sindinapondepo makwerero aja. Ndinkamuphunzitsa ndili pansi, iye sanafunsepo chifukwa. Ndikanati chinatha pamwezi umodzi, akanamwetulira, mwinanso akanati agogo. Ndipo mawa lomwe akanakwera.

Ndati sichinathe.

Wagwedeza mutu pang'onopang'ono, mosamala, mmene timagwedezera ife achizungulire. Kenaka wasendera kuti ndikhale.

Sindinakhale. Wamapepala amayang'ana.