Mtengo Wanu wa Mandimu Watchuka

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine kuno ndadzuka, ngakhale mawondo masiku ano amadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Ndine Waisoni, mwana wanu uja munkati adzafa ndi pakamwa. Sindinafe. Mano okha ndi amene akutsogola limodzilimodzi, ndiye mukaona dzino likufunsa njira kumeneko, lilandireni, ndi langa.

Kuno kwabwera matenda otchedwa korona. Akuti amayenda ndi mpweya, choncho boma lati aliyense akhale pakhomo pake. Sukulu anatseka, kutchalitchi tikukhala motalikirana ngati anthu oyambana, moni wa pamanja waletsedwa. Tonse tikuvala tinsalu pakamwa. Mpongozi wanu Anaphiri akuti boma lachedwa nako kansaluko, ine anayenera kundiveka tsiku la ukwati lomwelo. Anzathu ena matendawa awatenga ndithu, ndipo tinawaika mofulumira, osagona pasiwa, osawaimbira mokwanira. Mukakumana nawo muwapepese. Sikunali kuwataya.

Koma tisayambe ndi misozi. Mdzukulu wanu Esnati wabwera kuchokera ku Limbe, poti ntchito yake yomanga anthu tsitsi yaima. Wabwera ndi khanda, mtsikana, ndipo tamutcha dzina lanu, Eneresi. Akalira amamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndiye dzinalo silinasochere. Ine sandilola kumunyamula ndisanasambe m'manja pa ndowa ya mpopi imene aika pakhomo. Miyezi imeneyi ndasamba kuposa mmene munandisambitsira inu ubwana wanga wonse.

Mpunga unachita bwino chaka chino, nandolo nayenso sanatichititse manyazi. Kubawo kwa Songani anandiletsa, akuti nkhalamba ndi zimene matendawa amazikonda, ndiye ndasamukira kudimba lanu lija la m'mphepete mwa Domasi. Muli mpiru, tomato, anyezi, ndi maungu amene palibe anawabzala. Anaphiri akuti zaka zonsezi ankayesa kuti anakwatiwa ndi mlendo wodzadya, lero adziwa kuti khasu ndimalitha. Madzulo timakhala pakhonde tonse, Esnati akusenda nandolo, mwana ali pamwendo, ine ndikunama. Kunena zoona, amayi, pakhomo pano sipanakomepo chonchi chichokereni inu.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakulemberani. Mukukumbukira mtengo wa mandimu uja munabzala kuseri kwa khitchini? Uja bambo ankati ungotha malo, zipatso zake ngakhale mbuzi imazilavula? Watchuka. Anthu amva kuti madzi a mandimu ndi jinja amathandiza pa chifuwa, ndipo masamba ake amawawiritsa, nkufunda bulangete pamwamba pa mphika kuti apume nthunzi. Kaya zimachiza, kaya ayi, a kuchipatala akuti tisadalire zimenezo zokha. Koma anthu akagwidwa ndi mantha safunsa zambiri. Anayamba kubwera, a m'mudzi muno, a kutsidya, ena mpaka pa kabaza kuchokera ku Malosa, onse odi, odi. Anthu amene ankandidutsa ngati chitsa anayamba kunditchula kuti agogo.

Ndinkapereka. Munkati kupatsa nkuika, komanso munkati mankhwala sagulitsa kwa munthu wobwera ndi nkhope yakugwa. Koma zinafika poipa. Zipatso zakupsa zitatha anayamba kuthyola zaziwisi. Kenako masamba, osati kutapa pang'ono ayi, kupulula nthambi yonse. Wina anayambitsa mphekesera yoti mphamvu yeniyeni ili m'makungwa ndi m'mizu. Tsiku lina pochokera kudimba ndinapeza mtengo wasendedwa mbali imodzi, woyera ngati mwendo wa nkhuku, pansi atakumba. Amayi, ndinakhala pansi. Nyumba yanu inagwa kalekale, mitondo yanu inadyedwa ndi chiswe. Chinthu chamoyo chimene dzanja lanu linagwira pakhomo pano ndi mtengo umenewu basi.

Ndiye ndinaganiza nzeru, ndipo mukudziwa kale kuti nzeru zanga zimabwera zitavala nsapato zosiyana. Ndinatenga kabotolo ka mafuta odzola, ndinaikamo masamba a tiyi otsala m'ketulo, nkusomekapo nthenga ya nkhuku yakuda. Ndinamanga ndi kansalu kofiira kamene ndinang'amba ku mpango wakale wa Anaphiri, ndipo ndinakapachika pa nthambi yooneka bwino kuchokera kunjira. Sindinauze munthu kuti ndi chambu. Wina akafunsa ndinkangoyang'ana kumwamba nkunena kuti, aa, wakuba adzaona yekha.

Kanagwira ntchito kabotoloko kuposa msilikali. Anthu anasiya kubwera, akuba ndi opempha omwe. Amayi opita kumjigo anayamba kuzungulira kutali, madzi ali pamutu, nkhope atayang'ana kumbali. Mtengo unapuma, ndipo mandimu otsala kunsonga anapsa nkumagwa okha, kuwolera pansi. Ine ndinkaseka. Anaphiri sankaseka. Anati azimayi a mvano ayamba kunong'onezana kuti pakhomo pa mkhristu pali zithumwa, ndipo anafuna kudziwa mpango wawo wafupika bwanji. Ndinati nsalu za masiku ano zimakhwinyata.

Kenako kunabwera nkhani ya Che Bwanali. Mukuwadziwa, mwana wa Abiti Saidi aja munkagulitsa nawo zigumu, mnzanga wa bawo kuyambira tili anyamata. Mmawa wina ndinawaona ataima kunjira, chikofiya kumutu, kansalu pakamwa, dzanja lamanja atalinyamula ndi lamanzere ngati khanda. Linali litatupa mpaka zala zosapindika. Analankhula motsitsa mawu. Anati akazi awo akhala akutsokomola, ndipo iwo anachita manyazi kudzapempha, poti anamva kuti mtengo ndautseka. Ndiye anadutsa mbandakucha pochokera kumzikiti nkuthyola mandimu ochepa. Tsopano chambu chawagwira, abwera kuti ndiwamasule.

Ndinayang'ana dzanjalo ndili patali. Munali munga wa mtengo womwewo, utathyokera m'chikhatho. Ndinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Munthu amene ndadya naye mbale imodzi moyo wanga wonse, mkazi wake akudwala, nkumabwera kwa ine mozemba ngati fisi! Ndinawauza zoona zonse, kuti m'botolomo muli tiyi basi, nthenga ndi ya nkhuku imene tinadya pa Pasaka. Anapukusa mutu.

"Eni chambu onse amatero. Ndimasuleni, achimwene, musandichedwetse."

Ndinalumbira, ndinatchula dzina lanu, ndinatsitsa botolo nkulinunkhiza pamaso pawo. Iwo anangobwerera m'mbuyo. Apa ndinazindikira kuti bodza ukalibzala limamera mizu kuposa chinangwa, ndipo choonadi chokha sichingalizule. Ndiye ndinalowa ntchito ya using'anga. Ndinawalamula kuti asambe m'manja ndi sopo pa ndowa yathu, ayang'ane kuphiri, atchule dzina la mayi awo. Ndinakhuthula tiyi uja pansi nkupondapo. Kenako ndinati mwambo sunathe, chomaliza ndi chakuti akwere njinga lero lomwe, iwo ndi akazi awo, apite kuchipatala, ndipo chilichonse chimene adokotala anene achite osatsutsa, apo ayi chambu chibwerera kudzanja linalo. Esnati anali kuseri kwa chitseko, ataluma chitenje kuti asaphulike.

Anapita. Munga anawachotsa, akazi awo anawayeza nkuwapatsa mankhwala, ndipo pano akuyenda, akupeta mpunga. Che Bwanali mpaka lero akuuza anthu kuti Waisoni ndi woopsa, koma ali ndi chifundo. Ndayesetsa kukana, palibe akundimva. Sabata yatha kunabwera munthu kudzandipempha mankhwala oti ng'ombe yake ibereke mapasa.

Koma tsiku limenelo, iwo atachoka, ndinatola mandimu owola pansi pa mtengo, ndipo ndinamva mawu anu ngati mwaima kumbuyo kwanga: iwe Waisoni, chitsime chimene anthu amachiopa ndi dzenje chabe. Ndinafuna kupulumutsa mtengo wanu, koma ndinali nditausandutsa mtengo wa munthu wina, wouma manja, amene sanakhaleko pakhomo pano.

Lamulungu lotsatira, pomaliza mapemphero, ndinaimirira panja nkulengeza kuti botolo lachoka, amene akufuna mandimu abwere masana, alowere kumaso. Chambu tsopano ndine ndemwe. Ndikachoka kudimba ndimatenga mpando nkukhala pamthunzi pake, ndi nsungwi yokolera m'manja. Wofuna chipatso ndimamukolera ndekha, wofuna masamba ndimamutapira odzaza chikhatho. Wofuna mizu ndimamuuza kuti ayambe wakumba ya agogo ake. Malipiro ndi amodzi, ayime patali amve nthabwala imodzi mpaka kumapeto. Ena akuti bola chambu chija.

Pabala la mtengo paja ndinamata ndowe ndi dothi, ndinakwirira mizu, ndipo madzi otsukira mbale onse akupita pamenepo. Mbali imene anasenda yauma ndithu, sindikunamizani, nthambi zake tasonkhera moto. Ndakhala ndikuyang'ana mbali yotsalayo mmawa uliwonse, mtima uli m'mwamba, poti masamba ake anali atayamba chikasu. Ndiye sabata ino kunagwa kamvula koyamba, kaja kozimitsa lupsa. Dzulo Anaphiri anandiitana kuseri kwa khitchini, anangoloza. Maluwa, amayi. Oyera, tating'ono, nthambi yonse, njuchi zili piringupiringu. Ndinavula kansalu kapakamwa kuti ndinunkhize bwino, ndipo Anaphiri anati m'maso mwanga mwalowa chiyani. Ndinati utsi wa kukhitchini. Moto unali usanakolezedwe.

Mupereke moni kwa bambo, muwauze kuti mtengo uja ankaunyoza lero ukulandira alendo kuposa mmene iwo ankalandirira. Ndimakukondani, amayi, ngakhale munkandikoka makutu mpaka anatalika chonchi. Ndikulonjeza kuti ndikadali ndi mpweya, nkhwangwa siidzaukhudza mtengowu, ndipo munthu wodwala sadzachitanso manyazi kulowa pakhomo panu. Malo anga kumeneko musafulumire kuwasesa. Maluwa amenewa ndikufuna ndione mandimu ake.

Ndine mwana wanu wosamva,

Waisoni