Zala 83 ndi Matilesi 240

Lolemba, pa 17 Febuluwale

Matilesi amene tinalandira: 240
Mabulangete: 310
Mabanja ogona ku holo ya sukulu: 96
Zala zodinidwa pansi pa uthenga wanga: 83
Anthu amene anafika Loweruka m'mawa: 9

Mng'ono wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolabe kupalasa makina osokera? Kuno tili bwino. Madzi osefukira analekeza pa msewu wakumunsi, koma anzathu a m'mbali mwa mtsinje anataya zonse, ndipo akugona ku holo ya sukulu.

Ndinalowa m'bungwe la anthu ongodzipereka othandiza pa ngozi. Anandipatsa ntchito yowerenga katundu, akuti masamu amene ndinaphunzitsa moyo wanga wonse asaole. Bungweli lili ndi tsamba pa intaneti pomwe timalengeza zosowa, lomwe lija ndinakulowetsamo pa foni yako.

Matilesi ndi mabulangete tinasungitsa kwa bambo wina wogulitsa simenti. Anatiuza mosapsatira kuti Loweruka dzuwa likamalowa m'chipindamo mukhale mbee, chifukwa lole yake ikubwera, apo ayi katundu wathu agona pamvula. Ku holo kuli mayi wina amene wangobereka kumene, ankagona ndi khanda pa makatoni. Ndinamulonjeza ndi pakamwa pangapa kuti Loweruka agona pofewa.

Ndinalemba patsamba paja kuti ofuna kudzanyamula abwere. Pansi pake panayamba kumera tizala toloza kumwamba. Ndinawerenga kawiri, n'kupeza 83. Ndinauza wapampando wathu kuti asavutike kufuna aganyu, anthu ndawapeza kale.

Loweruka m'mawa kunabwera anthu 9, atatu mwa iwo a msinkhu wathu. Mwana wanga anaseka mpaka kutsamira khoma. Akuti amayi, kachala kaja munthu amadina ali chigonere, mwina asanawerenge n'komwe. Ndinamufunsa ngati anaonapo mwana woimika dzanja m'kalasi mwanga n'kupulumuka osayankha. Anasiya kuseka.

Ndinakhala pa mulu wa matilesi, ndinavala magalasi, n'kuyamba kuitana eni zala zija mmodzimmodzi, poyera, pansi pa uthenga womwe uja. Kalipentala ndinamuuza kuti chala chake ndachilandira, atumize mkono wotsalawo. Wometa tsitsi anayankha kuti iye chala chake chimangotanthauza kuti waona, ine ndinati abwere adzaonere pafupi. Wogulitsa mankhwala ananamizira kamwana kake kuti ndiko kamaseweretsa foni. Ndinati abwere nako, mitsamiro siilemera. Loya wina anachotsa chala chake mwakachetechete, koma ndinamudziwitsa kuti chinawerengedwa kale Lachinayi.

Apa anthu anayamba kuseka patsambapo ndi kuseleulana. Amene afika ankajambulitsa atasenza matilesi, n'kumafunsa anzawo kuti odala, chala chanu chikadali m'bulangete kodi. Wometa tsitsi uja anatseka shopu n'kubwera ndi kasitomala wake, mutu utametedwa mbali imodzi. Loya anafika ndi nsapato zonyezimira, anabwerera zili matope okhaokha. Mkamwini wanga, amene anadina chala ali m'nyumba yomwe ndimagona ine, ndinamupatsa matilesi a pa ngodya yodontha ya chipindacho kuti anyamule.

Mitambo inali itada kale pamene matilesi omaliza ankatuluka. Wa simenti anayang'ana chipinda chake, anayang'ana ine, n'kunena kuti akanadziwa akanandilemba ntchito yotolera ngongole. Mvula inayamba titatseka chitseko cha holo. Mayi wa khanda uja ndinamuyalira ndekha. Anangogona tulo nthawi yomweyo nsapato zili kuphazi, ine n'kumugwirira mwana mpaka mkono kuchita dzanzi.

Wapampando tsopano walamula kuti wofuna kubwera azilemba mawu, osangodina. Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ine ndaona kuti ngakhale zitakhala 83, sizinyamula matilesi.

Tsopano pempho langa. Matilesiwa alibe zokutira, ndipo m'holo muli ana aang'ono ambiri, ukudziwa zimene ana amachita usiku. Pamene ndinkaitana mayina, ndinapeza chala china chochokera kutali, chithunzi chake ndi cha mayi wovala duku limene ndinagula ine. Sindinakutchule poyera, poti ndiwe mwana wa mayi anga. Basi yobweretsa kalatayi yanyamulanso mpukutu wa nsalu, ulusi ndi miyeso yake. Undisokere zokutira 40, uyambe ndi zinayi zing'onozing'ono za makanda. Ndalemba pa pepala dala, chifukwa pepala lilibe podina.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze azikuthandiza kudula nsalu. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu ako onse asanu ndi awiri, ngati sanawonjezekere.

Kuwerengera komaliza:

Anabwera ndi matupi awo: 67
Anatumiza wilibala, galimoto kapena buledi: 11
Odwala enieni, ndinafufuza: 4
Onse pamodzi: 82
Wotsala: 1

Ndine mkulu wako wokukonda,
Mayi Masamu