Nduna ndi Kadimba ka Apongozi

Lolemba, 3 Malichi
Nduna wasanza pakapeti. Simenti yonseyi, iye pakapeti. M'masanzimo tinjoka tiwiri toyera, tikupindika. Mphaka wodya osagwira ntchito, n'chifukwa chake dzinalo. Tsopano akudyetsanso abale ake pa bajeti yanga.

Lachiwiri, 4 Malichi
Kwa dokotala wa ziweto. Njoka za m'mimba, mwina wazitenga ku mbewa. Piritsi lero, lina pakatha masabata awiri. Chimbudzi chake kuchotsa tsiku lomwelo mazira asanakhwime, ndipo mwana asasewere pomwe chatayidwa. Bilu ngati ndagoneka munthu m'chipatala. Digiri yonse ija kuti ndidzakhale wowola za mphaka.

Lachinayi, 6 Malichi
Apongozi amva. "Kwathu mphaka sakhala pasofa, mayi a mwana." Bambo a mwana, omwe amalimba mtima mayi awo akakhala pafupi, agamula: mwana akapezeka ndi njokazo, Nduna achoke. Mlandu wopanda loya.

Loweruka, 8 Malichi
Mchenga wa m'beseni lomwe Nduna amachitiramo chimbudzi ndimaumanga m'jumbo kuti upite kudzala. Lero ndaona dzala lake. Apongozi kuseri, khasu m'manja, akuuthira m'kadimba kawo ka masamba. Manyowa aulere. Pambali pawo mdzukulu wawo, kukumba ndi supuni yanga ya tiyi, dothi mpaka m'kamwa. "Chinthu sichitayidwa," atero osacheuka. Kuyambira liti? Sindinafunse. Mwana ndamusambitsa mpaka walira. Kenako ine.

Lachitatu, 12 Malichi
Kuchipatala ati magazi a mwana ali bwino. Madzulo, tili awiri kukhitchini, ndawafotokozera apongozi za mazira ndi dothi. Mwaulemu, manja kumbuyo, lilime nditalimanga. Yankho lawo: ketulo yawira. Mwana wawo sindinamuuze. Ndi mfuti yabwino, koma nyumbayi tikhalamobe tonse.

Lachisanu, 14 Malichi
Kadimba kazulidwa konse, dothi lachotsedwa, pathiridwa miyala. Kwa mwana wawo akuti masamba anagwa nsabwe. Patebulo apongozi, maso ali m'mbale: "Mbewa zachuluka masiku ano. Chinyama chanucho chikhale." Bambo a mwana avomereza msangamsanga ngati maganizo ndi awo.

Ndapambana, ndipo palibe woti ndimuuze. Ndimalemba izi ndikumwetulira, mpaka ndakumbukira kuti masamba aja tinkadya tonse. Osaphika, mu saladi. Ine ndinkapemphanso owonjezera.