Mbuzi Zisagone kwa a Haswell

Mandevu, Lusaka
16 Seputembala 1996

Mlongo wanga Faides,

Monire kumeneko ku Magodi. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa ana. Kodi chifuwa chija chinkakuvuta nthawi yokolola chinakusiya? Nanga Watipaso akupitabe kusukulu, kapena wayamba kukhala pakhomo? Ife kuno tilipo. Akazi anga, amake Conrad, ali bwino, kungoti mwendo wawo uja umatupabe akaima nthawi yaitali.

Ntchito yanga ndi yomwe ija, yokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Anthu ambiri achotsedwa ntchito chaka chino, ndiye aliyense wagula sipanala n'kudzitcha mmisiri. Pamene ndinali ndekha, lero tilipo anayi. Wina mwa iwo sadziwa ngakhale kumata chubu, koma ndiye wopambana kuitana makasitomala.

Kalata iyi sindinaiponye ku positi. Ndawapatsira a Danwell Mtonga, aja ogula fodya, amene akukwera basi mawa m'mawa. Uiwerenge wekha mpaka kumapeto, ndipo usaisiye poonekera.

Kuno kumpingo kwathu kuli azimayi ochokera ku Lundazi amene anapanga gulu. Wowatsogolera ndi aNyaZimba, a Rosemary, ogulitsa tomato pamsika. Iwo amasonkha pang'onopang'ono n'kugulira mbuzi amayi amasiye a kwathu. Wamasiye amalandira mbuzi zitatu zazikazi. Zikaswa, ana aakazi oyamba amawapereka kwa wamasiye wina, zotsalazo zonse n'zake. Amake Conrad ndiwo anawatchulira dzina lako, n'kuwafotokozera kuti chimwalirireni amuna ako a Manasseh ukulera ana anayi wekha. Anakusankha.

Umandidziwa mlongo wanga. Nditangomva, ndinafunsa kuti munthu wogulitsa tomato angapatse bwanji mbuzi munthu amene sanamuonepo. Ndinakumbukira chaka cha chilala chija, pamene anatilemba maina kuti kukubwera chimanga chachikasu, koma amama anangoona matumba akudutsa pamsewu. Ndinaganiza kuti awanso akufuna kukujambula utagwira chingwe cha mbuzi, chithunzi chipite kwa azungu, mbuziyo ibwerere kwa mwini wake. Amake Conrad anati mtima wanga ngokhota ngati sipoko yakale ya njinga. Ndinawayankha kuti ndi mtima womwewo umene watisunga m'tauni muno zaka zonsezi.

Choncho ndinapita kumsonkhano wawo, mwamuna ndekha pakati pa azimayi khumi ndi awiri. Ndinawapanikiza ndi mafunso. Ndinafunsa amene ali kumbuyo kwawo, anati palibe. Ndinafunsa ngati n'zachipani, anaseka. Ndinafunsa chimene iwo amapindulapo. ANyaZimba anati iwonso amuna awo atamwalira anatuluka m'nyumba ndi mphika umodzi ndi ana kumbuyo, ndipo safuna kuti wina adzaone zomwe anaona. Kunena zoona ndinachita manyazi, koma sindinafune kuonetsa.

Anandiuza kuti kumeneko ali ndi mnzawo, amayi Jemima, amene anali mphunzitsi ndipo anapuma ntchito. Amakhala kuboma, kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko chobiriwira. Iwowo ndiwo amagula mbuzi n'kuzipereka m'manja mwa wamasiye. Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba mtima ukundiwawa.

Ndinakana. Ndinati amayi Jemimawo sindiwadziwa, angathe kugula ziwiri n'kunena kuti yachitatu yafera panjira. Ndinati zinthu zotere zimafunika mwamuna wa pabanja azilandire, aziyang'ane bwino, azisunge m'khola lenileni, popeza iwe ulibe khola. ANyaZimba anati si mmene amachitira. Ine ndinaumirira mpaka mawu kukwera. Potsiriza anatopa nane n'kufunsa kuti mwamunayo ndani.

Ukudziwa mwambo wathu. Mkazi akalowoledwa, nkhani zake zimakhala m'manja mwa akuchimuna, ngakhale mwamuna atamwalira. Ine mlongo wako sindingalumphe eni mudzi. Ndiye pakamwa panga panatuluka dzina la alamu ako a Haswell, akulu ake a malemu. Ndinawayamikiranso pamaso pa azimayiwo. Ndinati ndi munthu wosamala, amene anatenga ng'ombe ziwiri za a Manasseh ndi pulawo kuti asungire ana mpaka atakula. Ndinkakhulupiriradi zimenezo, chifukwa ndi zomwe ananena pamaliro ine ndili pomwepo. Azimayi aja analembera amayi Jemima kuti mbuzi akapatse a Haswell. Inenso ndinawalembera a Haswell, monyadira, ngati ndachita chanzeru.

Dzulo a Danwell anabwera ndi njinga ya m'bale wawo kuti ndiwongole gudumu. Tikucheza za kumudzi, anandifunsa ngati ndidzapita ku ukwati wa mwana wa a Haswell. Ndinati sindinamvepo. Anadabwa, nati nanga si ine amene ndikuthandiza malowolo. Anati a Haswell akuuza anthu pamowa kuti alamu awo a ku Lusaka akuwatumizira mbuzi zitatu, ndipo zikangofika zipita kwa makolo a mtsikana kukatsiriza zimene zinatsala. Ndinafunsa kuti zoyambazo anapereka chiyani. A Danwell anati ng'ombe yofiira ija ya a Manasseh inapita kale mwezi wa Juni.

Faides, bwanji sunandiuze? Ng'ombe ya ana ako yapita kukalowola mkazi wa mwana wa wina, iwe uli chete. Ndikudziwa kuti umaopa kuyambana ndi anthu amene ukukhala nawo mudzi umodzi. Koma ukanandilembera mzere umodzi wokha, sindikanatsegula pakamwa panga pamsonkhano paja. Sindikukudzudzula ayi. Wolakwa ndine. Ndinataya nthawi kufufuza azimayi ogulitsa tomato, wakuba ndikumutsegulira ndekha chitseko.

Gudumu lija ndinalisiya pansi n'kuthamangira kwa aNyaZimba. Ndinayembekeza kuti andinyoza, ndipo akanakhoza. Iwo anangopukusa mutu nati n'chifukwa chake amapereka mbuzi kwa mkazi mwini wake, poti zimenezi anaziona kale kawiri. Anati mbuzi zikasowa, si iwe wekha wotaya. Wamasiye amene akudikira pambuyo pako sadzalandira kanthu, ndipo azimayi osonkha aja adzagwa mphwayi. Vuto ndi lakuti kalata yawo inapita kale, ndipo amayi Jemima alibe foni. Mbuzi zigulidwa Loweruka likubwerali pamsika wa Lundazi. A Haswell akudziwa tsikulo, chifukwa ndinawauza ndine.

ANyaZimba alemba kakalata kena kosintha mawu oyamba aja. Ndakapinda m'kati mwa kalata inoyi. A Danwell alonjeza kuti Lachitatu adzakhala atakupeza.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikugwada. Mbuzi zimenezi zisagone kwa a Haswell ngakhale tsiku limodzi. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine. Chiweto chikangolowa m'khola la mwamuna wa pamudzi, iye n'kuchidula khutu chizindikiro chake, chasanduka cha banja lonse. Ukadzadandaula kwa akuluakulu adzakufunsa kuti chinagona kuti, nanga khutu likuti chiyani, nkhani n'kuthera pomwepo. Adzakuuza mokoma kuti angokusungira chifukwa afisi achuluka. Adzatinso mkazi sasunga khola. Uvomere kuti afisi achulukadi, koma chingwe usachitaye m'manja.

Lachinayi ubwereke njinga upite kuboma, ukawapatse amayi Jemima kakalatako pamanja. Loweruka ukakhalepo pogula, ndipo upite ndi azimayi awiri a kumpingo kwanu kuti akakhale mboni. Ukadule makutu pomwepo pamsika anthu akuona, chizindikiro chako chosafanana ndi cha pamudzipo. Ndiponso ukaziyang'ane mano. Amayi Jemimawo aliyense akuwatama, koma ine sindinawaonebe, ndipo munthu wabwino amathanso kugulitsidwa nkhalamba ya mbuzi yosaswanso. Useke ngati ukufuna, khalidwe langa silinathe.

Ndikudziwa chimene ukufunsa tsopano. Ukuti khola ulipeza kuti m'masiku atatu, pamene mitengo yabwino inatha kufupi, ndipo amuna a pamudzipo palibe amene angakudulire a Haswell akuona. Ndaganiza kale. Upite kwathu kwa amama. Nyumba yanga ija ndinamanga zaka zitatu zapitazo, yoti ndidzakhalemo ndikadzatopa ndi tauni, ili ndi nsichi za muwanga zokhazokha. Ndinazisankha ndekha imodziimodzi, chiswe sichizigwira. Uigwetse. Uzule nsichi zonse, utenge phaso ndi chitseko chomwe, pakuti chili ndi loko wake. Azimayi anzako akuthandize kusenza, si patali. Khola ulimange lam'mwamba, pafupi ndi zenera lako, kuti mbuzi ikalira uzimva.

Amama adzakana, ndikuwadziwa. Adzati kugwetsa nyumba ya munthu wamoyo n'kumulosera zoipa, ndiponso kuti mwana wawo sadzabweranso kumudzi. Uwawerengere mzere uno: ndine Ezron ndalamula, ndili moyo, ndipo ndidzabwera. Ndikadzafika ndidzagona kukhitchini kwawo mpaka nditamanga ina. Nyumba yopanda munthu ingodyetsa makoswe, pamene Watipaso akufunika kulemba mayeso chaka chamawa ali ndi yunifomu ndi nsapato ngati anzake. Mtima ukundipweteka nayo nyumba ija, sindikubisa. Koma ndine ndinaitana vutoli, ndiye lidye changa, osati cha ana ako.

Anthu adzaseka poona azimayi akukumba maenje a khola. Asiye aseke. Ukangomaliza undilembere, ukawapatse a Danwell pobwerera, chifukwa mpaka nditamva sindikhala pansi bwino. ANyaZimba nawonso akudikira, ndipo pakadali pano ndikamadutsa pamsika ndimazungulira kumbuyo kwa ogulitsa makala.

Upereke moni kwa amama, uwauze kuti mafuta opaka m'mawondo aja ali m'thumba lomwe a Danwell anyamula. Moni kwa azakhali a Evelina, kwa amalume a Nason ngati makutu awo akumvabe, ndi kwa ana onse kuyambira Watipaso mpaka wamng'ono. Amake Conrad akuti yewo chomene, akuthokoza kwambiri chifukwa cha nyemba zija, ndipo akukupempherera.

A Haswell nawonso uwapatse moni wanga, ndi ulemu wonse. Koma udikire Lamulungu, mbuzi zitadzuka m'khola lako, kiyi ali m'chiuno mwako.

Ndine mlongo wako wolakwa koma wokukonda,
Ezron