Mowa wa bambo wayamba kununkha bandeji

Aphungu,

Bambo anga, a Desmond, anayamba kufulula mowa ine ndisanabadwe. Kufamu kwathu ku Kimba, tikangotha kukolola tirigu, anansi ankadzaza pakhomo la shedi, aliyense ndi tambula yake. Chaka chatha anadwala sitiroko. Famu tinagulitsa, ine n'kuwatenga kudzakhala nawo kuno ku Whyalla.

Atapezako mphamvu, mwamuna wanga Lyall anawakonzera malo m'galaja kuti ayambirenso. Chimera ndi chomwe chija, yisiti yemweyo, mphika womwewo. Koma mowa ukapsa ukumanunkha ngati bandeji ya kuchipatala. Ayesa kangapo, zili chimodzimodzi.

Mwezi watha kunabwera mnzawo wakale, a Merv. Atalawa anakwinya nkhope, amvekere, “Iwe Des, mowawu unafululira m'wodi unagonekedwa muja eti?” Bambo anaseka nawo. Mlendo atapita, ndinawapeza kuseri akukhuthula mabotolo onse m'ngalande. Anandiuza osandiyang'ana kuti, “Mwana wanga, matenda aja ananditengera kanthu. Pali pamene ndikuiwala, koma sindikudziwa kuti ndi pati.”

Kuyambira tsikulo m'galaja sapondamo. Auza Lyall kuti agulitse zipangizo zonse, ndipo amangokhala duu pampando, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha. Ine mowa sindimwa n'komwe, koma ndi ntchito yokhayo imene inawatsalira ya kufamu. Kodi matendawa angawononge mowa chonchi? Nanga ndiwathandize bwanji osawachititsa manyazi?

R.H., Whyalla

Mayi R.H.,

Mumuuze Lyall asagulitse kanthu. Mwatchula chimera, yisiti ndi mphika, koma madzi simunawatchule, chonsecho gawo lalikulu la mowa ndi madzi. Ndikukhulupirira kuti kufamu bambo ankatunga m'thanki ya madzi amvula. Pano akutunga pampopi, ndipo madzi a m'tauni amathiridwa klorini wophera tizilombo. Kumwa ndi abwino ndithu, koma klorini akalowa mumowa amabala fungo la bandeji lomwe mukunenalo. Ngakhale munthu wa mutu wabwinobwino zimamuchitikira.

Pitani kusitolo ya ofulula mowa mukagule mapiritsi a Campden, ochotsa klorini m'madzi. Theka la piritsi limakwanira madzi a mphika wonse wa pakhomo. Liphwanyidwe, lisungunuke m'madzimo chimera chisanalowe. Kuwiritsa kokha musakudalire, klorini wina sachoka ndi moto. Onaninso ngati akutungira paipi yothirira maluwa, kapena kutsukira mabotolo ndi mankhwala oyeretsera zovala, chifukwa nazonso zimabweretsa fungo lomweli.

Kusitolo komweko mugule timapepala toyezera pH, tosonyeza kuchuluka kwa asidi. Chimera chikanyikidwa m'madzi otentha, nambala izikhala pakati pa 5.2 ndi 5.6. Ikakwera kuposa apo, madzi anu achuluka mchere wa m'nthaka, ndiye muwasakanize ndi amvula, kapena mudonthezemo asidi wa ofulula pang'onopang'ono uku mukuyeza. Zonsezi musazisinthe tsiku limodzi. Yambani ndi klorini, mwina n'kuthera pomwepo.

Tsono za manyazi. Musapite kwa bambo ngati mphunzitsi. Munthu amene wafulula moyo wake wonse sangakondwe kuuzidwa zochita ndi mwana wosamwa n'komwe. Apempheni kuti akuthandizeni kutsimikiza zimene mwamva: afulule pang'ono pawiri, kwina ndi madzi apampopi, kwina ndi madzi okonzedwa, kenako alawe okha osadziwa tambula iti ndi iti. Lilime lawo lidzawauza zimene inu mungazinene mpaka kutopa iwo osakhulupirira. Zonyamula mphika wowira zikhale za Lyall.

Koma chenjerani. Musanayatse moto, funsani dokotala ngati mankhwala awo akulola mowa, ndiponso wochuluka bwanji. Ngati m'nyumbamo muli wa mphumu, mutchulenso za mapiritsi aja, chifukwa ena amawabanikitsa. Ndipo mowa ukakoma koma bambo n'kukhalabe chete pampando paja, limenelo si vuto la madzi. Ambiri odwala sitiroko mtima umawagwa, ndipo thandizo lake lilipo. Muwaperekeze kuchipatala msanga, ndipo mukalowe nawo limodzi.

Aphungu