Memori Sayeza ndi Kaudzu

Bambo a Mathero,

Pepani, mukabwerako kumsonkhano simundipeza. Ndakwera basi ya ku Limbe kukakonza zimene mwaphika.

Kompyuta ya ku ofesi ya mishoni ikukanabe kuyaka. Ndaikamo kathabwa ka memori kamene munagula dzulo, ikungolira ngati mwanapiye. Nditayang'ana bwino, mano ake ndi makumi atatu ndithu, ofanana ndi a kakale kaja kanapsa. Koma pamsana palembedwa 256K, pamene kakale ndi ka 1MB. Kanuko kamasunga gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a zimene makinawa akufuna.

Ndiye a Shabani alonda andiululira mmene munagulira. Akuti munathyola kaudzu, n'kuyeza kutalika kwa kathabwa kakale, n'kupita nako kusitolo, monga muja timagulira nsapato za Mathero! Inu amene munaphunzira kompyuta sabata yathunthu ku Blantyre, satifiketi ili pakhoma! Ine wongotaipa makalata ndine ndiziwerenga manambala?

Abusa akufuna mndandanda wa ana obatizidwa Lamlungu, ndipo uli m'makinamo. Ndawauza kuti kusitolo ndiko analakwitsa, ndiye musakatsegule pakamwa. Kakale kaja ndanyamula kuti akusitoloko akaone okha.

Mukatenge mwana kwa a Nabanda, ndipo kompyutayo musaikhudze.

Kaudzu kanu kali patebulo. Muyezere mutu wanu. Ndikuganiza kuti nawonso kukula kokha ndiko kulipo, koma m'kati ndi 256K.

Ndine mkazi wanu,
Idesi