Dokotala Anangoona Mtedza

Aphungu,

Kalata ya kuchipatala inandipeza Lolemba ndikupinda zitenje za malemu mkazi wanga, Ketilina, yemwe tinamuika m'manda miyezi iwiri yapitayo. Akundiitana kachiwiri kuti akandiunike m'matumbo ndi kapaipi kokhala ndi nyali kunsonga. Ketilina anapita ndi chotupa cha m'matumbo chomwe chinadziwika mochedwa, ndiye ine nditangoona timagazi kuchimbudzi, sindinazengereze.

Ulendo woyamba ndinachita manyazi. Anandipatsa mafuta a nsatsi, akuti ndimwe kutatsala tsiku limodzi ndipo ndisadye cholimba chilichonse. Ndinamwadi nditatsina mphuno. Koma masana anatulukira amayi Magalita, mmodzi wa amayi a kutchalitchi amene akundiphikira mosinthana chichitikire maliro. Anabwera ndi mbatata ndi nkhwani wotendera. Ndinati, "Lero ndasala, amayi." Iwo akuti, "Aphunzitsi, Lenti inatha kalekale. Mukufuna komboni yonse ya Nabvutika izinena kuti anzake a Ketilina akukuphani ndi njala?" Anakhala pakhonde osachoka mpaka nditanyambita mbale.

M'mawa mwake dokotala, yemwe amabwera kuchokera ku Lusaka kamodzi pamwezi, anasuzumira kanthawi ndi kapaipi kaja n'kuuza namwino kuti, "Auzeni bambowa kuti mtedza wa ku Fort Jameson ndauona, ndi wabwino, koma ine ndimafuna matumbo." Dzina latsopano la tawuni yathu, Chipata, sanalizolowere. Tinaseka tonse, koma ndinabwerera osaunikidwa bwino.

Ndafufuza m'mabuku anga a zaumoyo. Lina likutama mafuta a nsatsi, lina mchere wa Epusomu. Namwino anatchulanso zopopa madzi a sopo kumusi. Aneba anga a Petulo akuti ali ndi makungwa omwe amasesa m'mimba ngati tsache. Chimatsuka bwino n'chiti? Kapena ndimwe zonse? Lachinayi la sabata yamawali sindikufuna kubwezedwanso.

B.Z., Chipata

Bambo B.Z.,

Pepani ndi zovutazi. Mwachita bwino kupita msanga, ndipo mwandiseketsa. Koma musanamizire mafuta a nsatsi. Ntchito yawo anagwira, inu ndinu munathiranso zinyalala posesa kale.

Kusiyana kwake n'kotere. Mafuta a nsatsi amafulumizitsa matumbo, ndipo m'mimba mumapota. Mchere wa Epusomu umawawa, umakokera madzi m'matumbo, choncho umafuna kumwera madzi ambiri, ndipo si wabwino kwa wodwala impso. Kupopa kumatsuka chakumusi kokha, n'chifukwa chake amakonda kuchita m'mawa wa tsiku lomwelo pomalizitsa. Makungwa a Petulo palibe akudziwa mlingo wake, ngakhale a Petulo eni ake. Athokozeni, makungwawo muwasiye.

Pitani kwa namwino sabata ino. Akulembereni papepala choti mumwe ndi nthawi yake, ndipo mumuuze matenda ena alionse omwe muli nawo. Kutatsala masiku atatu, lekani mtedza, nyemba, ndiwo zamasamba ndi magwafa. Lachitatu ndi madzi, tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa basi. Musapite kutali ndi chimbudzi tsikulo. Buku mukhale nalo pafupi.

Za amayi Magalita, musawabisire. Munati mwasala, iwo anamva kuti chisoni chakutsekani pakhosi, ndipo mnzake wa malemu sangalole zimenezo. Auzeni lero kuti mukukaunikidwa pomwe Ketilina anachedwa kuunikidwa. Muwapatsenso ntchito: akuwiritsireni nkhuku, msuzi asefe ukhale wanu, nyama adye okha. Mudzaona, adzakhalanso pakhonde pomwepo, koma ulendo uno akubweza mbale za anzawo.

Chenjezo langa ndi ili: musaphatikize mankhwala, musawonjezere mlingo. Mukamva chizungulire kapena magazi akachuluka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Timagazi nthawi zambiri timachokera ku zinthu zochizika, koma dokotala anganene zimenezo ataona yekha. Kwa malemu Ketilina nthawi inachepa. Kwa inu ikadalipo, ndipo chakutsalirani ndi tsiku limodzi lanjala.

Aphungu